Cigumula, Cilala ndi Kusowa kwa Mafuta

Nkhani iyi yakonzedwa kuti iwerengedwe pa misonkhano ya m'midzi ndi ya makomiti a citukuko mvula isanayambe.



Usiku wa pa 14 Marichi 2019 mphepo ya mkuntho imene anaipatsa dzina la Idai inafika pa mzinda wa Beira, m'mphepete mwa nyanja ya mcere ku Mozambique. Inasasula madenga, inagwetsa mitengo ndi mapolo a magetsi, ndipo mvula imene inadza nayo inadzaza mitsinje ya Pungwe ndi Buzi kufikira madzi anamiza midzi ndi minda. Anthu oposa 1,000 anafa m'maiko a Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Za imfa zimenezi anthu anamva pa wailesi. Koma pali vuto lina limene linatsatira m'masiku omwewo, limene silikambidwa kawirikawiri, ndilo la mafuta oyendetsera galimoto ndi makina. Vuto limeneli limakhudza ngakhale munthu wa ku Katete kapena ku Lundazi amene sanaonepo nyanja ya mcere cibadwire.

Beira ndi doko. Zombo zazikulu zimatsitsa pamenepo petulo ndi dizilo wa maiko a kumtunda amene alibe nyanja. Mafuta ena amalowa m'paipi yopita ku Feruka, pafupi ndi Mutare ku Zimbabwe, ndipo ena amanyamulidwa ndi malole a mathanki kupita ku Malawi ndi ku Zambia. Anthu okhala m'mbali mwa msewu wocokera ku Chanida kudza ku Katete amawadziwa bwino malole amenewa, pakuti amawaona akudutsa usana ndi usiku. Idai itawomba, magetsi anazima mu Beira monse, madzi anadula msewu waukulu wocokera ku doko kupita kumtunda, ndipo nchito yopopa mafuta m'paipi ya ku Zimbabwe inaima kwa masiku angapo. Mafuta analimo m'mathanki pa doko, koma analibe podzera.

Comvetsa cisoni n'cakuti nthawi imene mafuta amasowa ndiyonso nthawi imene amafunika koposa. Mabwato amene anali kupulumutsa anthu pa madenga ndi m'mitengo ku Buzi anafuna petulo. Ndeke za helikoputa zinafuna mafuta. Zipatala zinadalira majenereta, makina opopa madzi akumwa anali cete, ndipo malole a cakudya anali kudikira kuseri kwa msewu woduka. Ku Chimanimani, m'dziko la Zimbabwe, maulalo anakokoloka kotero kuti panapita masiku thandizo lisanafike ndi galimoto. Mwezi wa Marichi usanathe, matenda a kolera anabuka mu Beira.

Wina angaganize kuti zoterezi zimagwera maiko osauka okha. Si conco ai. Dziko la America, limene pa nthawi imeneyo linali kumwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a mafuta onse a pa dziko lapansi, linaona zomwezi mu 2005. Pa 29 Ogasiti caka cimeneco mphepo ya Katrina inakantha zigawo za Louisiana ndi Mississippi, kumene kuli zitsime zambiri za mafuta za m'nyanja ndi mafakitale oyengera mafuta. Zitsime za m'nyanja ya Gulf of Mexico zinatsekedwa pafupifupi zonse. Paipi yaikulu ya kampani ya Colonial, imene imanyamula mafuta kucokera ku Texas kukafika ku New York, inaima ngakhale kuti siinasweke, cifukwa makina amene amakankha mafutawo analibe magetsi. Mu mzinda wa Atlanta, kutali ndi kumene kunawomba mphepo, galimoto zinandanda m'malo omwetsera mafuta ndipo malo ena anauma. Pasanathe mwezi kunabweranso mphepo ina, Rita, ndipo Pulezidenti George W. Bush, munthu amene iye mwini anagwirapo nchito za malonda a mafuta ku Texas, anapempha anthu kuti aleke maulendo osafunika. Cigawo ca Georgia cinatseka masukulu masiku awiri kuti cisunge dizilo wa mabasi onyamula ana. Mu 2012, itapita mphepo ya Sandy, ku New Jersey ndi ku New York anaika lamulo lakuti galimoto zigule mafuta mosinthana masiku, molingana ndi nambala ya galimoto. Malo ambiri omwetsera anali ndi petulo m'mathanki a pansi, koma popanda magetsi panalibe comukwezera pamwamba.

Cimene cinathandiza America mu 2005 ndi nkhokwe. Mavuto a mafuta a mu 1973 atapita, maiko olemera anapangana kuti liri lonse lizisunga mafuta okwanira masiku 90 a zimene limagula kunja, ndipo America anakhazikitsa nkhokwe yake mu 1975. Katrina itawomba, maiko amenewo anagwirizana kutulutsa migolo 60 miliyoni, mgolo uli wonse wa malita 159. Anatapa zimene anasunga nthawi ya mtendere, monga momwe banja limacitira mwezi wa Febuluwale.

Anthu ayenera kudziwanso kuti pa nthawi zoterezi mantha amatha mafuta msanga kuposa mphepo. Mwacitsanzo, tauni ikhale ndi galimoto 1,000, ndipo masiku onse galimoto iri yonse imayenda ndi malita 15 m'thanki. Mbiri ikamveka yakuti ulalo wakokoloka, mwini galimoto ali yense amathamanga kukadzaza mpaka malita 50. Tsiku limodzi lokha malita 35,000 acoka pa malo omwetsera, ndiwo katundu wa lole yathunthu ya thanki, pamene palibe galimoto imene yayenda ulendo woposa wa masiku onse. Mafutawo angosamuka, akagona m'galimoto zoima pa khomo, ndipo ambulansi ikafika imapeza pampu youma. Pambuyo pake pamatulukira anyamata a zigubu m'mbali mwa msewu, ndi mtengo wao wao.

Dziko la Zambia liribe citsime ca mafuta ndipo liribe doko la pa nyanja ya mcere. Dontho liri lonse la petulo ndi dizilo limagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo limadutsa m'dziko la eni lisanafike kuno. Akulu amene anali anyamata m'zaka zoyamba za ufulu akudziwa tanthauzo la mau amenewa, cifukwa anaona ndi maso. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith anagalukira Britain ndi kulengeza ufulu wa azungu ocepa ku Rhodesia. Nthawi imeneyo mafuta a Zambia anali kudzera ku Beira komweko, kuyengedwa ku Feruka, ndi kukwera njanji ya Rhodesia kudzaolokera ku Livingstone. Mu Disembala Britain analetsa kugulitsa mafuta ku Rhodesia, ndipo Smith anabwezera mwa kutseka mafuta a Zambia. Dziko la caka cimodzi cakubadwa linatsala ndi migodi ya mkuwa yofuna kuyenda ndi mathanki opita kukauma. Petulo anayamba kugulidwa ndi makuponi. Ndeke za Britain, Canada ndi America zinanyamula mafuta m'mwamba, cinthu codula kwambiri pakuti ndeke nayo imamwa mafuta oculuka. Ena anadzera ku Malawi, pa njanji mpaka ku Salima, ndi pa malole kudutsa ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata. Koma ambiri anadza m'migolo pa msewu wa kumpoto wocokera ku Dar es Salaam, umene unali wafumbi m'cilimwe ndi wamatope m'dzinja. Msewu umenewo unapha madalaivala ambiri kotero kuti anaupatsa dzina la Hell Run, ndiko kunena ulendo wa ku gehena.

Mavuto amenewo ndiwo anabala paipi ya Tazama. Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda ndi la Mwalimu Julius Nyerere anagwirizana, kampani ya ku Italy inagwira nchito, ndipo mu 1968 mafuta anayamba kuyenda makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Zambia anatenga magawo awiri mwa atatu a umwini wake, Tanzania gawo limodzi. Mu 1973 fakitale yoyengera mafuta ya Indeni inatsegulidwa ku Ndola. Inali nchito yaikulu, ndipo amene anaiganiza ayenera ulemu. Koma caka comweco nkhondo inabuka ku Middle East, maiko a Aluya anacepetsa mafuta, ndipo m'miyezi yowerengeka mtengo wa mgolo unacoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Paipi inapereka njira, koma mtengo unali kupangidwabe ndi ena kutali, ndipo ngongole zimene dziko linalowamo zaka zimenezo zinalemera pa mibadwo iwiri.

Lero zinthu zasintha. Indeni inaleka kuyenga mafuta, ndipo kuyambira mu 2023 paipi ya Tazama imanyamula dizilo woyenga kale. Petulo amadza ndi malole pa msewu. Motero mayendedwe a dziko lonse atsamira pa paipi imodzi, madoko owerengeka, misewu ndi maulalo ake, ndiponso magetsi ndi makina opopera. Cimodzi mwa izi cikaduka, amene ali kumapeto kwa msewu ndiye amayamba kumva. Mlenje wa mbewa amadziwa kuti mbewa yocenjera siikumba una wa khomo limodzi. Imasiya pena pothawira. N'cifukwa cake nkhani ya madoko angapo, ya njanji, ndi ya nkhokwe za mafuta zimene Boma linamanga m'malo monga Mpika, Mongu, Solwezi, Mansa ndi Chipata siiyenera kusiyidwa kwa anthu a m'maofesi okha. Anthu ali ndi ufulu wofunsa aphungu ao ngati nkhokwe zimenezo ziri ndi kanthu, ndi kuti zingasunge cigawo masiku angati. Thanki yomangidwa bwino koma yopanda mafuta siisiyana ndi nkhokwe yomata bwino ya munthu amene sanakolole.

Tsoka limene lagwera Zambia posacedwapa silinadze ndi mphepo kapena madzi osefukira. Linadza ndi dzuwa. Mvula ya 2023 ndi 2024 inadula pakati, cimanga cinauma cisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga anaonongeka mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Alimi sasowa wowauza za njala ya caka cimeneco. Cimene ciyenera kuonedwa bwino ndi mmene cilala cinasandukira vuto la mafuta.

Magawo oposa 8 mwa 10 a magetsi a Zambia anali kucokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Madzi atacepa m'dziwe la Kariba, pofika mu Seputembala 2024 makina amodzi okha mwa asanu ndi amodzi a ku tsidya la Zambia ndiwo anali kuzungulira, ndipo nawonso mocepa. Magetsi anali kuzima maola 21 pa tsiku, kwina masiku angapo osayaka konse. Ndiye munthu wa cigayo ca magetsi, wowocherera zitsulo, wogulitsa nyama ndi nsomba, wometa tsitsi, onsewa anathamangira kuti? Amene anali ndi ndalama anagula jenereta, ndipo jenereta imamwa petulo kapena dizilo. M'misika ina ya mu Lusaka anaika majenereta akulu a dizilo. Amene analibe ndalama anatseka nchito. M'manyumba a m'tauni mbaula inalowa m'malo mwa sitovu ya magetsi, makala anakwera mtengo, ndipo nkhwangwa zinalira m'nkhalango za kumidzi, nkhalango zomwezo zimene zimasunga madzi a mitsinje yodzaza Kariba ndi Kafue. Pa nthawi imodzimodziyo dziko linali kugula cimanga ku Tanzania ndi magetsi ku maiko oyandikana nalo. Madola omwewo anafunika ku cimanga, ku magetsi ndi ku mafuta, ndipo thumba liri lonse la cimanga ca thandizo linafika ku mudzi pa msana wa lole yomwa dizilo. Munthu amene alibe galimoto, amene sanagulepo lita imodzi ya petulo, analipira mafutawo pogayitsa, pokwera basi, pogula mcere ndi sopo.

Pokamba za kusamala mafuta, coona ciyenera kunenedwa poyera. Mai wa kumudzi amene amayenda pansi kupita ku dimba si ndiye amatha mafuta a dziko. Amene amamwa kwambiri ndi migodi, malole, mabasi ndi galimoto za m'tauni. Kungakhale kupanda cilungamo kuuza wosauka kuti amange lamba pamene galimoto yogulidwa ndi msonkho wake ikupezeka pa bawa usiku, kapena yanyamula makala a munthu mmodzi pa Sabata. Udindo woyamba uli pa iwo amene agwira makiyi. Galimoto zitatu zocokera pa boma limodzi, zopita ku msonkhano umodzi, iri yonse ndi munthu mmodzi kumbuyo, ndi dizilo amene akanafikitsa odwala atatu ku cipatala. Dalaivala amene amasiya injini ikulira pamene iye akudya nsima, amene amayenda ndi matayala opanda mpweya wokwanira, amene amathamanga koposa muyezo, akutaya mafuta amene sanagule ndi ndalama zake. Ndipo amene amapopa dizilo wa thirakitala ya kopaletivu kapena wa makina okonza msewu n'kukagulitsa, ameneyo waba kwa mudzi wonse. Wogula naye ali m'gulu lomwelo.

Komabe mudzi uli ndi mbali yake, ndipo m'zinthu zina uli patsogolo pa tauni. Zaka zapitazo nyumba iri yonse inali kudalira palafini wa koloboyi, ndipo palafini akasowa pa sitolo mudzi unali kugona mumdima. Lero nyumba zambiri ziri ndi nyale za sola, ndipo ana amawerenga usiku osadikira lole. Zipatala zina za kumidzi zimasunga katemera m'mafiriji a sola. Mijigo ndi mapampu a sola amatunga madzi popanda dontho la dizilo. Ciri conse cimene cacoka pa mafuta n'kupita pa dzuwa ndi cinthu cimodzi cimene sicidzaima tsiku limene ulalo udzakokoloka. Dziko nalo layamba kuyenda njira yomweyo: mu 2025 malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 100 anatsegulidwa ku Chisamba.

Ng'ombe za pa goli ndi ngolo siziyenera kuyesedwa zinthu zacikale. Mlimi amene ali ndi ng'ombe ziwiri zamphamvu amalima mvula yoyamba ikagwa, pamene mnzake akudikira thirakitala imene ikudikira dizilo. Cotero kusambitsa ng'ombe ku dibi ndi kuziteteza ku cigodola ndi nkhani ya mafuta ndithu, ngakhale kuti sizioneka conco. Cimodzimodzi njinga. Anthu a Cigawo ca Kum'mawa ndi eni ake a njinga, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ku Chipata kunali fakitale yopanga njinga. Masiku ano njinga zamoto zaculuka, zimathandiza pa matenda ndi pa malonda, koma mnyamata amene wagulitsa njinga yakapalasa cifukwa wagula yamoto wadzitsekera khomo lothawira.

Pali cenjezo limodzi lalikulu. Kusunga mafuta a mudzi wonse pa malo oyenera n'kwanzeru, koma kubisa zigubu za petulo m'nyumba yogona ndi kuitana maliro. Petulo amatulutsa mpweya umene umayenda pansi osaoneka ndipo umayaka ndi khala limodzi la pa mbaula. Akakhala miyezi yambiri amaonongeka n'kuononganso injini. Pa 17 Novembala 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'cigawo ca Tete ku Mozambique, anthu anaunjikana ndi zigubu ndi ndowa pa lole ya petulo imene inali pa ulendo wocokera ku Beira kupita ku Malawi. Loleyo inaphulika, ndipo anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo ana. Malole otere amadutsanso m'misewu ya kuno. Mafumu ndi aphunzitsi auze anthu ao kuti lole ya mafuta ikagwa, cocita ndi kuthawa, kuletsa ana, ndi kutumiza mau ku polisi.

Cakudza siciimba ng'oma, koma mvula yokha imadziwika mwezi wake. Anthu a m'cigwa ca Luangwa, ku Chama ndi ku Mambwe, amadziwa kuti caka ndi caka pali misewu imene lole siidutsa mitsinje ikadzaza. Kwa iwo kuduka kwa njira si cinthu cacilendo, ndipo nchito yokonzekera iyenera kutha mu Okutobala ndi Novembala. Komiti ya zaumoyo ikhale pansi ndi a pa cipatala, afunsane kuti ambulansi kapena njinga yamoto ya cipatala iri ndi mafuta a maulendo angati, mgolo wake ukusungidwa m'cipinda citi, kiyi ali ndi yani, ndipo buku lolembamo malita otuluka amaliona ndani. Mwini cigayo afunsidwe ngati wagula dizilo wa dzinja, ndipo mabanja agayitsiretu ufa njira zisanatsekeke. Amai apakati amene masiku ao ayandikira apite kukadikirira pafupi ndi cipatala, mmalo moyembekezera galimoto pakati pa usiku mtsinje utadzaza. Ngalande za m'mbali mwa msewu ndi mipope ya pansi pa maulalo ang'ono ziyeretsedwe ndi makasu, cifukwa kaulalo kotsekeka ndi zinyalala ndiko kamayamba kukokoloka. Ngolo ya mudzi ikhale ndi matayala abwino, ndipo anthu apangane pa msonkhano uno kuti ng'ombe za yani zidzakoka wodwala kukafika pa msewu waukulu.